Matama a oimba: si onse ogwetsa, ena ndi chida cha ntchito

Woimba akangoyamba kumveka pang'ono pali mawu amene timathamangira kumuponyera, akuti mwana uja wayamba kudzimva shuga. Mumawamva mu minibasi yochokera ku Chinamwali, mumawamva pa depoti, pa Facebook nde osanena, munthu angolemba kuti nyimbo yanga ndi yomwe yaswa chaka chino basi ndemanga mbwee zomuuza kuti adzichepetse, Mulungu amatsitsa odzikweza. Ine ndimaona kuti pa nkhani iyi timalakwitsa kawirikawiri. Sikuti matama onse ndi abwino ayi, koma timaphatikiza zinthu zosiyana n'kuzipatsa dzina limodzi, chonsecho zina mwa izo woimba akazisowa ntchito yake imatha isanayambe n'komwe.

Tiyambire pa thupi, poti kuimba ndi ntchito ya thupi. Munthu akachita mantha pa siteji mtima umathamanga, mpweya umangothera pachifuwa osatsika kumimba, kukhosi kumauma komanso kumamangika, zala zimanjenjemera. Tsono mawu okwera aja amafuna mpweya wokwanira ndiponso kuwalowa osakayika, ukangokayika pang'ono pokha amatuluka operewera, anthu n'kumati waphonya kiyi pomwe kunyumba amawafika bwinobwino. Wa ng'oma wamantha amathamangitsa nyimbo osadziwa, wa besi n'kumamuthamangira pambuyo, ovina n'kusokonekera. Ndipo gulu limaona msanga. Woimba amene akuyang'ana pansi, maiki wagwira ngati wabwereka, amapatsira anthu nkhawa yakeyo, amayamba kumumvera chisoni m'malo movina. Amene walowa ngati holo yonse ndi yake anthu amamasuka, amadziwa kuti ndalama yawo ya pakhomo ili m'manja mwa munthu wodziwa chomwe akuchita. Nde kudzikhulupirira si chokongoletsera, ndi gawo la luso lenilenilo, chimodzimodzi kutchuna gitala.

Funso ndi lakuti kumachokera kuti. Katswiri wina wa za maganizo a anthu, Albert Bandura wa ku Stanford, analemba za izi mu 1977 ndipo anati chikhulupiriro choti ndingathe chimamangidwa ndi zinthu zingapo: kuchita chinthucho n'kuona chikutheka, kuona anzako ofanana nawe akuchitha, kulimbikitsidwa ndi anthu ena, komanso mmene thupi lako likumvera nthawi imeneyo. Champhamvu kuposa zonse anati ndi choyambacho. Ichi n'chifukwa chake mtsikana amene wakula akutsogolera kwaya ya ku tchalitchi Lamulungu lililonse kuyambira ali sitandade 5 sanjenjemera ukamuika kutsogolo kwa anthu 500, pomwe mnyamata amene wangojambula nyimbo ziwiri m'chipinda, mawu atawongoledwa ndi kompyuta, amauma pakamwa tsiku loyamba lokumana ndi bandi. Woyambayo ali ndi umboni m'thupi mwake. Wachiwiriyo ali ndi ma like. Ndipo amene amakuwa kwambiri pa intaneti nthawi zambiri ndi wachiwiriyo, zomwe zikugwirizana ndi zimene David Dunning ndi Justin Kruger anapeza mu 1999, kuti anthu amene luso lawo lili lochepa amakonda kudziyesa odziwa kuposa mmene alili, chifukwa khutu lomwe likanawauza kuti apa waphonya ndi lomwelo limene sanalikulitse.

Ena amati kudzitama kunabwera ndi mayo a hip hop, kuti si chikhalidwe chathu. Kuno ku Zomba sitiyenera kunena zimenezo. Beni tikumudziwa. Gule ameneyu anayambira kugombe la kum'mawa kwa Africa ndipo anafalikira kuno ndi asilikali obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mzinda uno unali chimake cha asilikali a King's African Rifles, chipilala chawo chilipo mpaka lero pafupi ndi Cobbe Barracks. Taonani mmene wovina beni amalowera m'bwalo, kaya ndi ku Zomba, ku Machinga kapena ku Mangochi: yunifolomu ya khaki, mamendulo pachifuwa, chifuwa chotukumula, nkhope yosaseka, maudindo akuluakulu a usilikali, gulu lina likupikisana ndi linzake poyera kuti aone dolo ndani. Palibe amene amati bambo ajawa ndi odzikuza. Tonse timadziwa kuti gule akatha amavula yunifolomu n'kubwerera kumunda kapena ku msika. Matama a pa siteji ndimawaona chonchi, ndi yunifolomu ya beni, amavalidwa pa ntchito ndipo amayenera kuvulidwa.

Mayina a oimba athu nawonso ndi matama okhaokha ndipo timawakonda. Lucius Banda anali Soldier. Joseph Nkasa ndi Phungu. Skeffa Chimoto ndi Jamming Machine, Tay Grin ndi Nyau King, Fredokiss ndi Ghetto King Kong. Ku Congo Franco ankatchedwa Grand Maître. Dzina lotere ndi lonjezo kwa anthu, ndipo limakhalitsa pokhapokha mwini wake akamalikwaniritsa. Skeffa akanakhala woimba mphindi 30 n'kutsika dzina lija likanasanduka choseketsa kalekale. Olo bifu ya ma rapa, kunyozana mu nyimbo kuja, ili ndi ntchito yake: imakakamiza aliyense kunola mavesi chifukwa akudziwa kuti mnzake ayankha. Imaipa ikatuluka mu nyimbo n'kufika potukwana makolo kapena pomenyana ku shoo.

Koma pamene matama ali ndi phindu lalikulu, kwa ine, ndi pa ndalama, ndipo apa ndi pamene kudzichepetsa kwathu kwapweteka oimba ambiri. M'dziko muno nyimbo yokha sidyetsa. Imatuluka lero, mawa ili m'ma foni onse kudzera pa WhatsApp ndi kwa anyamata oika nyimbo mu memori kadi, mwini wake osaona olo kobiri. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi kutolera ndalama za oimba, ilipo kuyambira 1992 ndipo lamulo la kukopera linakonzedwanso mu 2016, ndalama zimatuluka ndithu, koma woimba wamba sangadalire zimenezo kuti alipire lendi mwezi ndi mwezi. Zotsala ndi ma shoo, maukwati, ndi makampani ofuna nkhope yako pa malonda awo. Zonsezi zimafuna munthu wotha kutchula mtengo wake osaphethira. Wokonza shoo amabwera ndi mawu omwe aja, akuti aise bwera udzangoimbako ziwiri, ndalama palibe koma udziwika, thiransipoti tikupatsa. Woimba woleredwa bwino amachita manyazi kufunsa, amati ndioneka wokonda ndalama, amapita, amaimba, amabwerera wapansi. Akangonena kuti ndipatseni theka pasadakhale apo ayi sindibwera, mawa lake mbiri yamveka tauni yonse kuti wayamba kudzimva. Mwaona mmene mawu amenewa amagwirira ntchito? Ndi chikwapu chotsitsira mtengo. Amene amapindula woimba akamachita manyazi si woimbayo ayi. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Chitsanzo chodziwika ndi Burna Boy wa ku Nigeria. Kumayambiriro kwa 2019 dzina lake linalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono pa chikalata cholengeza za chikondwerero cha Coachella ku America, iye anadandaula poyera kuti ndi chimphona cha mu Africa ndipo asamuchepetse. Ambiri anamuseka, ena mwa iwo a kwawo komwe. Chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha African Giant, chinalowa pa mndandanda wa mphoto zikuluzikulu za nyimbo za Grammy, sichinapambane, koma mu 2021 anatenga mphotoyo ndi chimbale cha Twice as Tall. Munthu atha kudana ndi khalidwe lake pa zina, ine pali zina zimene sindigwirizana naye, koma apa chimene chinachitika ndi choti anakuwa kaye kenako anabweretsa ntchito yofanana ndi kukuwako.

Nde yerekezani ndi athu. Allan Namoko, wosaona uja wa Chimvu River Jazz Band, nyimbo zake zinalira pa wailesi zaka ndi zaka, anamwalira mu 1995 alibe chuma chofanana ndi dzina lake. A Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, aimba moyo wawo wonse, ku America komwe ankakulakalaka mu nyimbo anakafika mu 2016 ali ndi zaka zoposa 80, ndipo nyimbo yawo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90 pambuyo poti Namadingo waimba nawo limodzi. Timawayamikira kuti ndi odzichepetsa, zoona ndi odzichepetsa, koma ine zimandiwawa chifukwa kuyamikira kumeneku sikunawamangire nyumba nthawi imene anali ndi mphamvu.

Pali nkhani ina ya pakhomo pomwe pano. Mu 2013 Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, analowa mu ndende yaikulu ya Zomba n'kujambula akaidi ndi ena mwa asilikali a ndende akuimba. Chimbale chake, I Have No Everything Here, chinatuluka mu 2015 ndipo chinasankhidwa kupikisana nawo pa Grammy ya 2016, koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo. Anthu amene anaimba mmenemo analibe siteji, analibe dzina, matama akanawatenga kuti. Wina atha kunena kuti mwaona, luso lokha limakwana. Ine ndimawerenga mosiyana. Luso linalipo kuseri kwa mpanda uja zaka zonse ife a Zomba tikudutsa pa msewu osadziwa. Chinasintha n'choti panabwera munthu wolimba mtima amene anatenga nyimbozo n'kukaima pamaso pa makampani ndi atolankhani akunja n'kunena kuti izi ndi zapamwamba, mverani. Kudzitama kunalipo ndithu, kungoti anawatamira ndi munthu wina. Nyimbo iliyonse imene yafika patali pali amene anaikuwira.

Palinso kulimba mutu kwina kumene anthu a pa mpando amakutcha mwano. Kuti Lucius Banda, mnyamata wa ku Balaka, atulutse chimbale cha Son of a Poor Man mu 1994 n'kupitiriza kuimba zodzudzula atsogoleri, mpaka nthawi ya Bingu wa Mutharika nyimbo zake kusiya kuseweredwa pa MBC, pamafunika munthu amene amakhulupirira kuti mawu ake ndi olemera mofanana ndi a nduna. Evison Matafale analemba kalata yodzudzula boma, anamangidwa, anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Fela Kuti, woimba wa ku Nigeria, anatcha nyumba yake Kalakuta Republic, ngati dziko loima palokha mkati mwa Lagos, anaimba Zombie kunyoza asilikali, mu 1977 asilikali anabwera n'kuotcha malowo, mayi ake anaponyedwa pa windo ndipo anamwalira chaka chotsatira. Anthu awa sanali ofatsa ndipo ena anali ovuta kukhala nawo. Koma munthu wodzikayikira saimba zotere, amaimba zotamanda bwana n'kulandira envelopu.

Mpaka pano matama onse amene ndatchula akuyang'ana kumwamba: kwa wokonza shoo, kwa kampani, kwa boma, kwa akunja amene amatichepetsa. Vuto limayamba akatembenuka n'kuyang'ana pansi, ndipo apa sindiikira kumbuyo woimba aliyense.

Amene mumayenda ma shoo a usiku kuno mukudziwa chithunzi ichi. Chikalata chinati 8 koloko. Bandi inafika masana, anyamata anyamula okha ma spika kutsitsa mu lole, ayesa zida, akhala kuseri kwa siteji pa makireti a mabotolo akugawana chipisi cha m'pepala. Bigi akufika 1 koloko usiku, magalasi akuda kumaso, sanayese nawo maiki. Nyimbo yoyamba spika yalira tswii, iye akutembenukira mnyamata wa pa mikisa n'kumuzazira pa maiki anthu onse akumva, iwe ukudziwa kuti ndine ndani? Waimba nyimbo zisanu, walowa m'galimoto, wapita. Wa ng'oma akuuzidwa kuti akulu ndalama yanu tikutumizirani pa foni mawa, ndipo akuyamba kusaka njinga yamoto yopita ku Sadzi ndi ndalama yake. Amenewa si matama a ntchito, uku ndi kudyera anzako masuku pamutu. Ndipo malipiro ake amabwera mwakachetechete: wa besi wodziwa uja sabweranso, wa kiyibodi walowa bandi ya ku tchalitchi komwe amamulemekeza, bigi watsala ndi ana ophunzira kumene kapena wayamba kuimba motsatira CD, ndipo anthu akuti mphamvu zake zatha osadziwa kuti mphamvuzo zinali za anthu asanu amene anali kumbuyo kwake. James Brown, ndi ukatswiri wake wonse, ankadula malipiro a oimba ake akaphonya noti kapena akavala nsapato zosapukuta, mu 1970 ambiri a bandi yake anamuchokera pa nkhani ya ndalama. Iye anapeza ena msanga chifukwa anali James Brown komanso America ndi yaikulu. Kuno odziwa ng'oma bwinobwino ndi owerengeka ndipo onse amadziwana, ukalakwira mmodzi wauza onse.

Lucius ndimamutchulanso apa chifukwa anali ndi mbali zonse ziwiri. Kumwamba anali wolimba, koma pansi anatsegula chitseko: Zembani Band yake inadutsitsa oimba ambiri amene kenako anaima paokha, ndipo Sand Music Festival imene anayambitsa inapatsa siteji achinyamata ochuluka. Atamwalira pa 30 Juni 2024 amene analira kwambiri anali oimba anzake.

Choopsa china cha matama otembenuka ndi choti amatseka khutu. Lowani mu ka situdiyo ka chipinda chimodzi ku Matawale, makoma omata mathireyi a mazira, fani yozimitsa kuti isamveke mu maiki, thukuta kamukamu. Pulodyusa waimitsa nyimbo n'kunena kuti achimwene vesi yachiwiri ija tibwereze, mwatsika pang'ono pothera. Apa ndi pamene mumasiyanitsa anthu. Wodzikhulupirira zenizeni amati tabwezani ndimve, amamvetsera, amati zoona, tiyeni. Sizimuopsa chifukwa akudziwa kuti kuphonya mzere umodzi sikumuchotsera uimbi wake. Wodzikuza amati isiyeni choncho ndi sitayilo yanga, ma fani anga amaikonda. Mukayang'anitsitsa wachiwiriyu ndi amene ali ndi mantha, sangapirire kumva kuti walakwitsa chifukwa pansi pa phokoso lonse lija palibe chomugwira. Pakapita nthawi amazunguliridwa ndi anyamata ongovomera, omunyamulira foni ndi kumuuza kuti bigi mwapha, ndipo chimbale chachitatu chimamveka ngati choyamba chomwe chija koma chozizira. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Kanye West ndi chitsanzo chomvetsa chisoni, luso lake palibe angatsutse, koma kuyambira pomwe analanda maiki kwa Taylor Swift mu 2009 mpaka pomwe Adidas inathetsa naye mgwirizano mu 2022 chifukwa cha zonyoza Ayuda, mumaona munthu amene panalibenso womuuza kuti apa imani.

Wina afunsa kuti nanga bwanji masiku ano phokoso lachuluka chonchi kuposa kale. Si kuti ana a lero anabadwa amwano. Kale wailesi inali imodzi, MBC, kanema anabwera mu 1999, ndipo matepi ambiri ankadutsa kwa O.G. Issa, wogulitsa matepi wa ku Limbe. Zipata zinali zochepa, ukalowa walowa, dziko lonse likumva olo usanene kanthu za iwe mwini. Lero aliyense ali ndi situdiyo pa laputopu, nyimbo zikutuluka tsiku lililonse, ndipo Facebook ndi TikTok zimakankhira patsogolo chimene anthu akukangana. Ukalemba kuti ndatulutsa nyimbo chonde mverani, anthu khumi. Ukalemba kuti palibe wondiposa Malawi muno, okwiya okha akufalitsira uthenga mpaka kwa amene sanakumvepo. Oimba anaiona njira imeneyi ndipo ena amaigwiritsa ntchito dala, tikamawatukwana mu ndemanga timakhala tikuwagwirira ganyu yaulere. Kuopsa kwake n'koti munthu amayamba kukhulupirira zolemba zake zomwe, n'kumathera nthawi yambiri pokonza mkangano kuposa pokonza kolasi.

Ndipo muyezo wathu si wofanana kwa onse, ichi chimandinyansa. Mwamuna akanena kuti ndine mfumu timaseka n'kumuombera m'manja. Mkazi akangotchula mtengo wake, kapena akakana kujambulira usiku kunyumba kwa pulodyusa, kapena akavina momasuka pa siteji, mayina amene amapatsidwa sindingawalembe pano. Atsikana ambiri a mawu okoma amene timawamva m'makwaya a ku Chanco ndi m'mipingo ya m'tauni muno amathera pa kuimba kumbuyo kwa amuna, osati chifukwa chochepa luso koma chifukwa anaphunzitsidwa kuti kuima kutsogolo n'kudzionetsera. Amenewa akufunika matama owonjezera, osati ochepetsa. Ku nyimbo zauzimu nako kuli kwake: kumeneko kudzitama poyera n'koletsedwa, aliyense amati si ine ndi chisomo, komabe mkangano wa amene aimbe pomaliza ndi amene dzina lake likhale pamwamba pa chikalata umakhalapo chimodzimodzi, kungoti umachitikira kuseri. Mawu ofatsa pa maiki sakuuzani mmene munthu amalankhulira ndi wa kiyibodi wake.

Kwa woimba amene mwachibadwa ndi wamanyazi, ndipo alipo ambiri aluso kwambiri, sindinganene kuti adzisandutse munthu wina. Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe anatulutsa zimbale zoposa 60 ndipo anayenda dziko lonse osadzitcha chimphona, koma anali ndi anthu oyendetsa ntchito yake amene ankakambirana za mitengo ndi mapangano. Apa ndi pamene ife tikuperewera kwambiri. Manejala wa oimba ambiri kuno ndi msuweni kapena mnzake wa ku sukulu amene ntchito yake ndi kunyamula chikwama. Manejala weniweni ndi amene amayankha foni n'kunena kuti mtengo ndi uwu, theka lilowe Lachitatu lisanafike, zida zikhale zakuti, bandi ndi ya anthu asanu ndi mmodzi ndipo onse adye komanso agone pabwino, zonse zilembedwe papepala asainirane. Akamanenedwa kuti ndi wovuta azinenedwa iyeyo. Ndipo munthu yemweyo akhale ndi ufulu womuuza woimba wake Lolemba m'mawa kuti shoo ya Loweruka sinayende, munafika mochedwa, ndipo ndalama ya anyamata a bandi ituluke lero isanafike 12 koloko.